Galimoto ikakana kulira: yambani mwamvetsera musanaitane makaniko

Ambiri amene timayendetsa Vitz, Passo, Mira kapena Sienta timathamangira kugula batire latsopano galimoto ikangokana kulira. Nthawi zina batirelo limakhala lilibe vuto. Zimitsani wailesi, tembenuzani kiyi, mumve zomwe galimotoyo ikuchita.

Ngati ili zii, magetsi a pa dashboard osayaka, kapena ikungoti kete-kete-kete, tsegulani boneti. Gwedezani ndi dzanja ma terminal a batire, pamene pamamangidwa mawaya paja. Akamasuntha, kapena akakutidwa ndi ufa woyera wobiriwirako, vuto mwalipeza. Tengani sipanala ya 10, mumasule waya wa chizindikiro cha (-) poyamba, kenako wa (+). Sungunulani soda wophikira therere uja m'madzi ofunda, thirani pa ufawo, muuone ukuchita thovu. Kwechani ndi mswachi wakale mpaka chitsulo chiwale, pukutani, ndipo pobwezera yambani ndi (+). Mangitsani ndithu.

Ikakanabe, pemphani mnzanu akujampireni. Chingwe chofiira chichoke pa (+) ya batire lanu kupita pa (+) ya lake. Chakuda chichoke pa (-) ya lake, koma mbali inayo muilumitse pa chitsulo cha injini yanu, patali ndi batire, chifukwa batire limatulutsa mpweya wogwira moto. Injini yake ilire kaye mphindi zingapo musanayese yanu. Za kukankha iwalani ngati yanu ndi automatic.

Ikalira, yezani batire ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Batire labwino limaonetsa cha m'ma 12.6 volts injini ili chozima, ndipo ikamalira liyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likakhalabe pa 12, alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, sikutchaja, kapena lamba wake wakhwepa. Apa ndichenjeze mwamphamvu: pali amakaniko amene amayesa alternator pozula waya wa batire injini ikulira. Musawalole. Galimoto zimenezi zili ndi kompyuta, ndipo ikapsa mudzalira nayo mtengo wake.

Nanga ngati magetsi akuwala bwino koma sitata ili chete? Onetsetsani kuti giya ili pa P, pondani buleki, ikakana yesani pa N.

Pomwe sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini osagwira, nkhani ndi mafuta kapena moto wa m'mapulagi. Ikani kiyi pa ON, mutchere khutu kumpando wakumbuyo. Pa galimoto zambiri pampu ya mafuta imang'ung'udza kwa masekondi awiri. Ikapanda kumveka, onani fyuzi yake potsata chithunzi chili pa chivindikiro cha bokosi la mafyuzi. Yakupsa ibwezedwe ndi ya nambala yomweyo, osati kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Musapitirire masekondi 10 mukuzungulitsa sitata.

Eni Aqua ndi ma hybrid ena, galimoto zoyendera mafuta ndi magetsi zija, mawaya a mtundu wa lalanje musawakhudze. Magetsi ake amapha, asiyireni odziwa.