Kujambula odumpha ndi skateboard kapena njinga

Ngati mwangoyamba kujambula anyamata odumpha ndi skateboard kapena njinga muno mu Chipata, musamawathamangitse ndi kamera. Onani kaye pomwe akudumphira, gwadani pafupi, lozetsani kamera pamenepo, mudikire. Mukajambulira pansi, munthu amaoneka kuti wauluka ndithu, matayala ali m'mwamba, fumbi likutsalira kumbuyo.

Shutter speed, yomwe ndi nthawi imene kamera imatseguka kuti kuwala kulowe, ikhale 1/1000 ya sekondi kapena yofulumira kuposa pamenepo. Pa 1/125 mwendo umangotuluka mbuu ngati utsi. Pa foni gwiritsani ntchito burst, yomwe imajambula zithunzi zambiri motsatizana mwachangu; chithunzi chabwino mudzasankha pambuyo pake. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, makamaka cha m'ma 16 koloko, chifukwa la pamutu limadetsa nkhope.

Mufunsenso wodumphayo komwe atere. Skateboard ikapulumuka imabwera molunjika pa msongolo wa wojambula.