Malangizo a mastrati ndi mashoki kwa oyendetsa motoka pamseu wa Chanida kupita ku Tete

Kucokela pamalile a Zambia ndi Mozambique, ochedwa Chanida ku Zambia ndi Cassacatiza ku Mozambique, kukafika mumzinda wa Tete ni mtunda wa makilomita oposa 250 pamseu wa N9, ndipo magalaji okhala ndi zipangizo ni ocepa panjila. Conco pimani motoka yanu mukali ku Katete kapena ku Chipata.

Strati ndi shoki si cinthu cimodzi. Shoki imangoletsa motoka kudumphadumpha. Strati ili ndi shoki mkati, koma imagwilanso sipuling'i ndi kucilikiza wilo kuti liime bwino. Ndiye cifukwa cake strati ikapindika, ciwongolelo naconso cimasokonezeka.

Imikani motoka pamalo osatsetseleka. Kanikizani kona imodzi mwamphamvu ndi manja onse, kenako musiye. Iyenela kukwela kamodzi n'kukhazikika. Ikapitiliza kunjanja, shoki yatha. Ŵalitsani toci kumbuyo kwa wilo: kacinyezi kocepa ka oilo pamwamba pa strati si vuto, koma oilo woyendelela mpaka pansi, womata fumbi, aonetsa kuti silo, kalabala kotseka oilo m'kati, yaphulika. Pitilizani dzanja patayala. Ngati yadyeka mabampumabampu, wilo lakhala likudumpha m'malo mogwila mseu. Kulila kwakuti gu! gu! pamabampu kaŵilikaŵili kumacokela ku labala ya pamwamba pa strati, mabushi (malabala a m'malumikizilo a zitsulo zogwila wilo) kapena ball joint (columikizila cozungulila cimene wilo limatembenukilapo). Mashoki akayenda makilomita 80,000, apimitseni ngakhale alibe phokoso.

Ngozi yaikulu ili pamabuleki. Mukaponda, mphuno ya motoka imagwa, kumbuyo kumapepuka, ndipo tayala lodumpha silingaime msanga, ngakhale motokayo ili ndi ABS, cipangizo coletsa mawilo kukanilila poponda buleki. Pamseu uwu pamadutsa mbuzi, njinga za makala ndi matilaki aatali opita ku Beira, motelo mamita ocepa owonjezeleka ni nkhani ya moyo. Kutentha kwa m'cigwa ca Zambezi kumawonjezela vuto: oilo wa m'shoki akatentha amasungunuka kwambili, ndipo shoki yotopa imene inali kuyesako m'maŵa imalekelatu masana.

Ngati shoki ingodontha cabe, mungathe kufika kugalaji mwa kucepetsa liŵilo, kutsitsako katundu ndi kutalikilana ndi motoka ya kutsogolo. Koma musayende ngakhale pang'ono ngati sipuling'i yathyoka, strati yapindika, wilo lapendekeka, kapena likugwedela mukalitukula ndi jeke n'kuligwedeza pamwamba ndi pansi. Sipuling'i yothyoka imang'amba tayala, ndipo ball joint ikasoloka wilo limapindikila pansi pa motoka. Imani pambali, valani cijaketi coŵala, ikani matrayango aŵili, kutsogolo ndi kumbuyo, monga malamulo a ku Mozambique afunila, ndipo itanani yokoka. Kumanga ndi waya kapena mphila ya cubu n'kudzinamiza.

Posintha, sinthani ziŵiliziŵili, kumanja ndi kumanzele pa ekiselo imodzi. Yatsopano mbali imodzi ndi yakale mbali ina zimapangitsa motoka kukokela kumbali poponda buleki. Malabala ochinga fumbi pandodo ya shoki, timalabala toletsa kugunda ndi labala ya pamwamba zisinthileni pamodzi, popeza nchito yomasula ni imodzimodzi.

Cenjezo kwa amakanika: musamasule nati ya pakati pamwamba pa strati musanapanikize sipuling'i ndi copanikizila cake. Sipuling'i imafwamphuka ndi mphamvu yotha kupha munthu. Musagwile ndodo yonyezimila ya shoki ndi pulayala, cifukwa kakukanda kocepa kamadya silo yatsopano. Shoki za gasi musaziboole kapena kuziwocha. Musaloŵe pansi pa motoka yoimikidwa pajeke yokha. Mabauti a mabushi muwamange komaliza motoka itatsitsidwa, kulemela kwake kuli pamawilo. Mukawamanga ili m'mwamba, labala imapotoka n'kung'ambika msanga. Mphamvu yomangila bauti iliyonse muione m'buku la motokayo.

Mukamaliza, pititsani motoka ku alaimenti, kukawongoletsa kaimidwe ka mawilo, musanayambe ulendo wautali.