Kudula chithunzi mu Inkscape popanda kutsegula pulogalamu ina

Inu amene mumapanga mapositala ndi makadi a ukwati pa Inkscape, musamavutike ndi kukadulira zithunzi kwina. Gwiritsani ntchito Clip, njira yodulira zithunzi ya mu Inkscape momwemo.

Lowetsani chithunzicho ndi Ctrl+I. Jambulani bokosi kapena chozungulira pamwamba pake, pamalo amene mukufuna kuti atsale. Chepetsani opacity (mmene mtundu wake ukubisira za pansi) ya bokosilo kufika pa 50 peresenti kuti nkhope ili pansiyo izioneka, mungadule chipumi cha mkwatibwi. Kenako sankhani zonse ziwiri mutagwira Shift, n'kupita pa Object, Clip, Set Clip. Chimene chili pamwamba ndiye chimadula, choncho bokosilo likakhala pansi, lisankheni n'kudina batani la Home pa kiyibodi kuti likwere.

Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti chithunzi sichidulidwa kwenikweni, mbali zinazo zimangobisika. Kasitomala akati dzanja la mkwati lionekenso, mumangodina Release Clip, n'kukulitsa bokosi, n'kudulanso.

Koma chenjerani apa. Popeza chithunzi chonse chikadali momwemo, failo ya SVG imene Inkscape imasunga sipepuka ngakhale pang'ono, ndipo aliyense amene mwamutumizira akhoza kuona zimene munabisa zija. Ngati mukufuna kuti zichokeretu, sankhani chithunzi chodulidwacho, dinani Alt+B kuti papangike chatsopano (chotchedwa bitmap copy), chakalecho muchifufute. Musanatero, kwezani resolution ya bitmap copy mu Preferences ifike pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi), apo ayi chithunzi chidzatuluka chosaoneka bwino posindikiza.