Aphunzitsi a sayansi, chidulo mukuchisiyiranji kunja kwa kalasi?

Teremu ino ndayendera masukulu angapo mu zoni yathu ndipo pali chinthu chimodzi chandiwawa kwambiri. Phunziro la kulekanitsa zinthu zosakanizika, mphunzitsi wajambula funnel ndi filter paper pa bolodi, zinthu zoti pasukulupo kulibe ndipo ana sanazionepo chibadwire, kenako manotsi bolodi lonse, ana kukopera mpaka belu. Ndinafunsa mtsikana wina kuti filtration ndi chani, anayankha bwinobwino moloweza, koma nditati nanga kwanu zimachitika? anangoti kukamwa yasa. Chonsechotu mwana ameneyu amathandiza mayi ake kutcheza chidulo cha therere, phulusa la zitsononkho m'chitini chobowola pansi, madzi kudontha phulusa kutsalira. Amapeta ndi lichero, amasefa ufa. Sayansi yonseyi ili m'manja mwake ife tikumuuza kuti sadziwa kanthu.

Zotsatira zake tikuziona tonse, funso la MANEB likangotembenuzidwa pang'ono mwana wagwa chifukwa analoweza osamvetsa. Koma chowawa kuposa apo nchoti amayamba kunyoza za kwawo. Ofufuza ngati Olugbemiro Jegede wa ku Nigeria ndi Glen Aikenhead wa ku Canada anazilemba kale m'ma 1990 kuti mwana akamalowa m'kalasi ya sayansi amakhala ngati akuwoloka malire, ndipo popanda womugwira dzanja amasunga mayankho awiri, lina la mayeso lina la kunyumba, osakumana. Ku South Africa nzeru za makolo anazilowetsa mu silabasi. Ife kuno tili ndi TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera momwemo, tonse tinaiphunzira ku koleji, nde mpaka liti tizingoilemba mu lesson plan pofuna kusangalatsa a PEA, alangizi a maphunziro a ku pulayimale, basi?

Bambo wina wa ku Salima anandiuza modandaula kuti mnyamata wawo anawaseka iwo atakana kudula msangu m'munda, mnyamatayo akuti mitengo imalanda chimanga chakudya. Iwo anangomutengera pansi pa mtengowo kukamuonetsa chimanga chobiriwira kuposa munda onse. Msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula, sutchinga dzuwa ndipo umaonjezera nitrogen m'nthaka. Bambowa liwu loti nitrogen salidziwa koma anali olondola, ndipo phunziro la chonde m'nthaka likanayambira pamenepo.

Sindikuti chilichonse cha kumudzi nchoona ayi, zina ziyesedwe m'kalasi momwemo ana aone okha ngati zikugwira.

Nde chochita sichovuta. Musanalembe notsi ndi imodzi yomwe funsani kaye kuti kwanu mumatani, ayankhe m'Chichewa kaya Chiyao kaya Chitumbuka, liwu la Chingerezi libwere pambuyo. Auzeni abweretse phulusa, chitini ndi kansalu. Chimera cha thobwa chikuthandizani pa kumera kwa mbewu, mfutso pa kasungidwe ka chakudya, ndipo agogo mmodzi mukhoza kuwaitana kudzera ku komiti ya sukulu. Zina tikakambirana ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi a mu zoni.