Kufunditsa ndiwo za dzulo sikutenthetsa ayi

Sabata yathayi ndinapita kukayendera alimi a kalabu ina kuti ndikaone m'mene akukonzera minda poti mvula ili pafupi, koma zomwe ndinapitirazo theka lake sindinachite chifukwa makomo atatu ndinapeza anthu ali gone pamphasa, wina akusanza, wina akungothamangira kuchimbudzi. Ndikafunsa kuti munadya chani yankho lake limodzimodzi, mpunga wa dzulo, nyemba za dzulo, kenako amafulumira kuwonjezera kuti "koma alangizi tinatenthetsatu". Ndiye ndimati tandionetsani m'mene munatenthetsera. Apa ndi pomwe mutu umandiwawa.

Zomwe anthu akuchita ndi izi. Akaphika phala kapena tiyi m'mawa, makala aja atatsala pang'ono kusanduka phulusa, ndi pomwe akuikapo poto wa ndiwo za dzulo, osavundula, osavindikira, akangogwira m'mbali mwa poto nkumva kuti mwafunda basi aphula. Ena mpaka kupisamo chala kuti amve ngati zatentha. Chala chanu chikatha kukhala mu ndiwo osapsa ndiye kuti tizilombo nato tili phee momwemo, mwangotichotsera chisanu. Kumeneko ndi kufunditsa, ndipo kufunditsa nkoipa kuposa kungozisiya chifukwa kafundidwe kameneko ndi komwe tizilombo timakonda kuti tiswane bwino.

Ndikudziwa chifukwa chake, makala akwera mtengo, nkhuni zikuchokera kutali, komanso nthawi ino munthu amalawira kumunda kusanache kuti adzaweruke dzuwa lisanafike pamutu, ndiye palibe amene akufuna kukolezanso moto kachiwiri. Koma tiyeni tiwerengere bwinobwino. Mwezi wa October ndi November kumatentha usiku omwe, ku Chikwawa ndi ku Nsanje masana zimapyola madigiri 40, ku Salima ndi Mangochi nakonso munthu umagona thukuta lili kamukamu. Tizilombo ta m'chakudya tikapeza malo ofunda chonchi timatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse, kutanthauza kuti kamodzi kokha pakatha maola 7 kabala topitirira 2 miliyoni. Mwaphika 6 koloko madzulo, mwadya, mwasiya poto pakona, mukudzadya 11 koloko mawa lake mutachoka kumunda. Maola 17 amenewo. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati chakudya chophika chisamakhale pamtunda kupyola maola awiri, ife tikusunga maola 17 nkumati bola sichikununkha.

Nkhani ya kununkhizayi ndiye inanditopetsa kale. Mphuno imakuuzani za chakudya chomwe chasasa, monga nkhwani wotendera amene amasasa msanga chifukwa cha nsinjiro, ameneyo aliyense amamutaya. Choopsa ndi chomwe chikuoneka bwinobwino, fungo lake labwino, kukoma kwake komweko. Mpunga ndiye katswiri pamenepa. Mu mpunga wosaphika mumakhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, kamachokera m'dothi momwe timalimamo, ndipo kali ndi njere zake zolimba zomwe sizifa ngakhale mpunga uwire chotani. Mpunga ukazizira pang'onopang'ono mupoto wovindikira usiku wonse njere zija zimadzuka, nkuswana, nkutulutsa poizoni. Vuto ndi loti poizoni ameneyu saopa moto. Mukhoza kuukazinga mpungawo mawa lake mpaka kupsereza, kachilomboko kafa koma poizoni ali momwemo, ndipo pasanathe maola 6 munthu wayamba kusanza. Nyemba ndi nyama zili ndi kawo kena, Clostridium perfringens, kamene kamakonda mapoto akuluakulu osazizira msanga pakati, ako sikasanzitsa kwenikweni koma kupotokola m'mimba ndi kutsegula, zimayamba patadutsa theka la tsiku mwina kuposerapo, nchifukwa chake anthu amanamizira chakudya chomwe adya kumene pomwe cholakwa ndi cha m'mawa.

Pali bambo wina, mlimi wolimbikira ndithu amene chaka chilichonse amandipatsa ulemu pa chimanga, anandiimika panjira nkuyamba kundilongosolera nkhope ili gwa. Akuti analemba aganyu asanu kuti amuthandize kupanga mizere, ndipo poti Loweruka kunali chinkhoswe cha mphwake kunatsala mpunga wambiri ndi nyama, mayi akunyumba anabwera nazo mu ndowa yapulasitiki yovindikira, zinagona momwemo, Lamulungu anadyako, Lolemba nkufunditsira aganyu aja. Pofika madzulo aganyu atatu anali atagona, iye mwini, mayi ndi kamwana kawo komaliza. Ndiye akundiuza kuti "alangizi, pali munthu anatithira mankhwala pa chinkhoswe paja, ndikumudziwa". Ndinati bambo, mpunga wa Loweruka mwadya Lolemba mwezi uno, wokuthirani mankhwalayo angavutikirenji? Anaseka koma sanakhutire, mpaka lero salankhulana ndi mlamu wake. Ganyu inaima masiku anayi, ndalama yomwe anasungira mbewu inapita ku kabaza wopititsa mwana kuchipatala, aganyu aja ati sadzabweranso pakhomo paja. Zonsezi pofuna kupulumutsa mpunga wa mbale zingapo ndi makala odzaza dzanja limodzi.

Ndipo amene amavutika kwambiri ndi ana. Wamkulu amatsegula m'mimba tsiku limodzi nkudzuka, koma mwana wa chaka chimodzi madzi amamuthera m'thupi mofulumira zedi, akachira amakhala atatsika sikelo, nkumadabwa kuti bwanji mwana sakukwera pomwe tikumudyetsa. Phala lophika m'mawa nkumamupatsa lomwelo masana ndi madzulo lili zii, zimenezo tinaletsa kalekale koma ndikuzipezabe. Agogo ena amandiyankha kuti ife takula ndi mkute sitinafe. Chabwino agogo, koma mkute wanu uja munkauwotcha pamakala mpaka kuchita chikhokho, komanso munkaphika pa mafuwa moto uli lawilawi, osati pa phulusa la mbaula. Tisaiwalenso kuti kolera ija inayamba mu 2022 nkupitirira mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kachilombo kake kamaswananso mu chakudya chophika chomwe chagwiridwa ndi manja akuda nkusiyidwa pofunda. Mvula ikubwerayi si nthawi yoseweretsa m'mimba.

A m'tauni musaganize kuti izi ndi za kumudzi kokha. Muli ndi filiji inde, koma magetsi akazima tsiku lonse inu nkumatsegulatsegula, ndiwo zija zakhala pofunda chimodzimodzi. Ena mumasiya nsima ndi ndiwo mu food warmer kuyambira masana kudikira bambo amene abwere 10 koloko usiku, chiwiya chimenecho chimasunga kutentha kwa maola ochepa chabe, kenako chimangosunga kufunda kuja ndanena.

Tsono chochita, mwachidule poti nkhani yatalika. Mpunga phikani wokwana kudya nthawi yomweyo, ngati mulibe filiji usagone, ukatsala patsani anthu adye pompo. Ngati filiji ilipo uyanikeni m'mbale yotakata uzizire msanga nkuulowetsa pasanathe ola limodzi kapena awiri, mawa lake thiranimo madzi masipuni angapo, vindikirani, mpaka nthunzi ituluke pakati pomwe, ndipo usadutse tsiku. Nyemba ndi nyama ngati palibe kuchitira mwina ziwiritseni musanagone mpaka zibwate, vindikirani, wina asapisemonso chipande, m'mawa ziwirenso pamoto weniweni mukuvundula kuti pakati pomwe patenthe, ofufuza amati pafike madigiri 70 koma inu mulibe choyezera ndiye ingoonani kuti zikubwata poto yense kwa mphindi zingapo. Izi zimachepetsa ngozi, sizichotseratu. Mukatenthetsa m'mawamo musadzatenthetsenso, zikatsalanso ndi za nkhumba. Mkute udulenidulenitu mopyapyala nkuwotcha, kapena muuphwanyire m'madzi owira ukhale phala lobwata. Za mwana wamng'ono zikhale zophika kumene nthawi zonse. Ngati vuto ndi nkhuni, chitetezo mbaula imadya zochepa, funsani m'gulu lanu amene amaumba. Wina akayamba kutsegula m'mimba sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa azimwa pafupipafupi, woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo mukaona magazi m'chimbudzi, chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, maso olowa kapena mwana akukana kumwa, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala osadikira kuti kuche.