Mipata ndi imene imayendetsa diso pa tsamba

Inu amene mumakonza timabuku, magazini kapena masamba a pa intaneti, vuto lomwe ndimakumana nalo kawirikawiri pa ntchito zanu si zilembo kapena mitundu ayi, koma mipata. Apa mutu wakanirira ku ndime ya pamwamba, apo pali malo aakulu opanda kanthu. Diso limapunthwa ngati munthu wotsika masitepe otalika mosiyana.

Yambani ndi muyeso umodzi, womwe ndi mtunda wochokera pa mzere wina kufika pa wotsatira. Zilembo zikakhala za mapointi 10 (pointi ndi kamuyeso ka kukula kwa zilembo ndi mipata), mtundawu ukhale pakati pa 12 ndi 14. Tinene kuti mwasankha 12. Mipata ina yonse ibadwe kuchokera pa 12 ameneyu. Pamwamba pa mutu siyani 18, pansi pake 6, zonse pamodzi 24, ndipo mutu womwewo utenge 12 kapena 24. Mukatero mutu umayandikira ndime yake, mizere ya m'munsi nayo imabwerera m'malo mwake. Mukasindikiza mbali zonse ziwiri, yang'anani pepalalo powala. Mizere ya kutsogolo ndi ya kumbuyo igonerane. Pa foni ndi pa kompyuta ambiri amawerengera pa 8, monga amachitira a Google mu Material Design, malangizo awo a kaonekedwe ka mapulogalamu: 8, 16, 24, 32.

Mzere usatalike kwambiri. Zilembo 45 mpaka 75, kuphatikizapo mipata ya pakati pa mawu, n'zokwanira. Pepala la A4 ndi lotambalala mamilimita 210, choncho zilembo zing'onozing'ono zikayenda m'mbali mpaka m'mbali, wowerenga amasochera pobwerera kumanzere. Gawani tsambalo m'madanga awiri.

Komabe ng'oma yolira mofanana usiku wonse imagonetsa. Apa m'pamene ndimadandaula kwambiri, chifukwa ena akangophunzira gridi, ndondomeko ya mizere ndi madanga yoyalira zinthu pa tsamba, amadzaza masamba onse mofanana. Josef Müller-Brockmann wa ku Zurich, ku Switzerland, yemwe anaphunzitsa anthu ambiri za gridi, ankajambula maposita a makonsati a ku Tonhalle, holo ya nyimbo ya mumzindawo, m'zaka za m'ma 1950 okhala ndi zinthu zazikulu zoyang'anizana ndi timawu tating'ono. Inunso pakadutsa masamba atatu kapena anayi othithikana, ikani chithunzi chachikulu kapena siyani theka la tsamba loyera. Chachikulu chikhale chimodzi pa masamba awiri oyang'anizana. Zikakhala zitatu zimalimbirana diso.

Musanatumize kosindikiza, chepetsani masamba onse pa sikirini, muwandandike pamodzi, kenaka mutsinzine pang'ono. Pomwe pakuoneka pakuda masamba angapo motsatizana, chotsanipo mawu kapena kulitsanipo chithunzi.