Momwe mungayeretsere madzi akumwa pakhomo: sefa, kolorini ndi makina a reverse osmosis

Kuno ku Salima madzi sitisowa. Nyanja ili pafupi, mtsinje wa Linthipe ukudutsa m'boma lathu lino, ndipo mijigo ili m'midzi yambiri. Koma kolera amene anabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno anazunza kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, ife tomwe. Madzi akhoza kuwala mbee m'ndowa, koma ali ndi matenda.

Musanagule chilichonse, dziwani vuto la madzi anu. Kodi ndi amatope, ngati a mumtsinje nthawi ya dzinja? Kodi mukuopa tizilombo, chifukwa chitsime n'chosatseka kapena chayandikana ndi chimbudzi? Kapena ndi amchere, aja sopo sachita nawo thovu? Vuto lililonse lili ndi mankhwala ake, ndipo zimandipweteka kuona banja likutaya ndalama pa chipangizo chothetsa vuto lomwe lilibe.

Yambani ndi matope. Asiyeni madziwo adikhe m'ndowa kwa maola angapo, tsanulirani apamwambawo m'chidebe china kudzera pa nsalu yochapa bwino yopinda kanayi. Osadumpha pamenepa ayi, chifukwa matope amatseka sefa msanga komanso amafooketsa kolorini.

Kenako sefa. Imagwira ntchito ngati sefa ya ufa ija: zazikulu kuposa timabowo take zimatsalira, madzi n'kudutsa. Sefa ya mchenga imakhala ndi timiyala pansi ndi mchenga wosalala wotsuka bwino pamwamba. Mphamvu yake yeniyeni ili pamwamba pa mchengawo, pomwe pamamera tizamoyo tosaoneka ndi maso todya tizilombo ta matenda. Tizamoyoti timatenga pafupifupi mwezi kuti tikhwime, ndipo timafa mchenga ukauma, n'chifukwa chake madzi azikhala masentimita 5 pamwamba pa mchenga nthawi zonse, ndipo sefayo muziithira madzi tsiku lililonse. Sefa ya dothi lowotcha, ija ya ndowa ziwiri zosanjikiza, imagwira mabakiteriya ambiri ndi mazira a njoka za m'mimba. Ikayamba kudontha pang'onopang'ono, ikwecheni ndi burashi yoyera, popanda sopo. Ikachita mng'alu, ngakhale waung'ono, ntchito yake yatha.

Masefa awiri onsewa sagwira mavairasi onse, choncho madzi osefa muwathirenso kolorini. Gwiritsani ntchito WaterGuard potsatira muyezo wolembedwa pa botolo, kapena kolorini wosungunula kale amene alangizi a zaumoyo amagawa, motsatira muyezo womwe akuuzani. Vundulani, vundikirani, dikirani mphindi 30. Kafungo kaja kasakuopseni. Ngati kolorini palibe, wiritsani madziwo abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu.

Nanga amchere? Apa nsalu, mchenga, kolorini, zonse zimagonja, chifukwa mchere ndi wosungunuka. Kuwiritsa kumangowonjezera vuto: madzi amauluka ngati nthunzi, mchere n'kutsala. Apa ndi pomwe makina a reverse osmosis amafunika.

Mwachilengedwe, mukalekanitsa madzi amchere ndi opanda mchere ndi kachikopa kopyapyala kwambiri, madzi opanda mchere amalowera ku mbali yamchereyo. Makinawa amatembenuza zimenezi. Pampu imakankha madzi amchere mwamphamvu pa kachikopako, komwe amakatchula kuti membrane, ndipo timabowo take ndi tating'onoting'ono moti pafupifupi madzi okha ndiwo amadutsa. Mchere wambiri, fluoride amene amadetsa mano a ana akachuluka, mabakiteriya ndi mavairasi zimatsalira mbali inayo n'kutuluka ndi madzi otayidwa.

Poika makinawa, dongosolo lake musalisokoneze. Madzi ayambe adutsa pa sefa yogwira mchenga ndi dzimbiri. Kuchoka apo alowe pa sefa ya makala, yomwe imachotsa kolorini ndi fungo. Iyi ndi yofunika zedi chifukwa kolorini amawononga membrane. Makala ake si a pambaula, ndi okonzedwa mwapadera ku fakitale. Akadutsa apo ndiye afike pa membrane, kenako m'kathanki kosungira. Madzi oyamba kudzaza kathankiko atayeni. Masefa oyambawo amasinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12, membrane pakatha zaka 2 kapena 3, koma madzi akakhala amatope kapena amchere kwambiri nthawiyi imafupika. Funsani wogulitsa ngati masefa osinthira amapezeka kuno kapena ku Lilongwe, musanapereke ndalama. Gulaninso kachipangizo koyezera mchere m'madzi, ka TDS. Nambala ikayamba kukwera, membrane yatopa.

Makinawa ali ndi zovuta zake. Amafuna mphamvu ya pampu, ndiye magetsi akathima ndipo mulibe sola, madzi satuluka. Makina ang'onoang'ono apakhomo amataya malita atatu kapena anayi pa lita iliyonse yoyera. Madzi otayidwawo akolopereni m'nyumba kapena kutsukira chimbudzi, koma osathirira ndiwo za kudimba, mchere wake ndi wochuluka.

Kuona kwanga, reverse osmosis ndi ya amene mjigo wawo ndi wamcheredi, malo ogona alendo ku Senga Bay, zipatala ndi ogulitsa madzi akumwa. Banja lomwe limamwa madzi a pampopi a Central Region Water Board, kapena a pamjigo wopanda mchere, sefa wamba ndi kolorini zikwanira.

Chotsala ndi kasungidwe, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri amagwera. Madzi oyera bwino amaipitsidwa ndi kapu yomwe mwana wamwera n'kuiviikanso mumtsuko. Sungani m'ndowa yovundikira yokhala ndi kampopi, kapena m'chigubu cha pakamwa pang'ono, kuti dzanja lisalowe. Chotungira chikhale chake, chomwera chake, ndipo ndowayo muziitsuka ndi sopo musanathiremo madzi atsopano.